Maluwa a Mango pa Khirisimasi

Ganizo lopita ku Joni silinali langa. Linali la mkazi wanga, Nachisale. Chaka chimenecho fodya wathu anagulidwa ngati zinyalala, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, Tamanda, anali atangolemba mayeso a Sitandade 8. Tinali kudimba tikuthirira mpiru pamene Nachisale anatula ndowa pansi nati:

"Abambo a Tamanda, ine sukulu ndinalekera Sitandade 6 chifukwa chosowa yunifolomu. Mwana uyu asalekere panjira. Pitani kumene akupita anzanu."

"Nanga inu mutsala ndi yani?"

"Nditsala ndi Mulungu. Kapena mukuganiza kuti akwera nanu basi, kuno atisiya?"

Ndinaseka. Ine kwathu ndi ku Nathenje. Ku Mitundu ndinapitako chikamwini, ndipo kuyambira tsiku la ukwati wathu tinali tisanasiyanepo kupitirira sabata. Tinasala kudya, tinapemphera, tinagulitsa mbuzi ndi njinga. Tsiku lonyamuka, Nachisale anandiperekeza mpaka pamsika wa Mitundu pokwerera minibasi. Sanalire. Anangondikonza kolala ya malaya, nanena kuti ndikafika ndisakaiwale kudya.

Ndinakafikira ku Cape Town, m'kachipinda kamalata komwe tinkagonamo amuna anayi, tonse a ku Malawi. Miyezi yoyamba ndinkaima pamsewu m'mamawa kudikira aliyense wofuna wokumba dzenje kapena wonyamula zinyalala. Masiku a pasipoti yanga anatha ndili komweko, ndipo ndinakhala ngati anzanga ambiri: wopanda mapepala, woona galimoto ya apolisi n'kuyamba kuyang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzatuluke m'dzikolo, sadzandilola kubwereramo msanga. Nachisale ankadziwanso zimenezo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zonse zimene zinachitika zinachokera pamenepo.

Kusungulumwa kwa kuchilendo sikuli ngati kwa kumudzi. Kumudzi ukasungulumwa umatuluka panja, wina amakuitana dzina. Kumeneko anthu ndi ochuluka ngati nyerere, koma ukhoza kutha sabata yathunthu popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Lamulungu ndinkapemphera ndi Amalawi anzanga mu galaja ya munthu wina. Tikamaimba nyimbo za kwathu, amuna akuluakulu ankatembenukira kukhoma.

Mulungu anandikomera mtima, ndinapeza ntchito yokhazikika yosamalira maluwa ndi pabwalo kwa mayi wina wokalamba amene ankakhala yekha. Anali atapuma pa ntchito yophunzitsa za nyenyezi kuyunivesite, choncho ndinkawatchula kuti a Pulofesa. Miyendo inkawavuta, koma mutu unali wakuthwa, ndipo pakamwa panalibe chotsekera. Iwo sankapemphera. Akandipeza ndikuimba pothirira maluwa ankati, "Limbani, wamuuza Bwana wako uja za bondo langali?" Ine ndinkayankha kuti ndamuuza, koma akuti mwini bondo abwere yekha.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafupifupi zonse, n'kutsala ndi ya lendi, ufa ndi sopo. Tamanda anasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Fizi inkalipidwa, nyumba tinaifolera ndi malata. Ndinkadziona ngati mzati wa banja, ndipo pothokoza Mulungu ndinkathokoza ndi kamtima kodzikuza pang'ono.

Zaka ziwiri zoyamba tinkaimbirana foni yoonana nkhope Lamulungu lililonse masana. Kenaka, Tamanda atatsala pang'ono kulowa Fomu 3, Nachisale anati kamera ya foni yake yawonongeka. Ndinati nditumiza foni ina. Anakana, akuti ndalamazo zipite ku mabuku. M'malo mwake, anati, Tamanda azindijambula pa foni ya mnzake akabwera ku holide, azikutumizirani.

Chithunzi choyamba chinabwera mu Seputembala. Nachisale ataima pakhonde lathu, atavala chitenje chobiriwira, akuseka ndi mano onse. Chachiwiri chinabwera pa Khirisimasi, atavala diresi yamaluwa imene sindinkaidziwa. Chachitatu mu Febuluwale, atasenza dengu. Chachinayi pa Pasaka, ali mu yunifolomu ya amayi a chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Pa chilichonse anali wonenepa bwino, masaya owala. Ndinkazionetsa kwa anzanga a m'chipinda muja monyadira. Mmodzi anati, "Akulu, ndalama zanu zikugwira ntchito, alamu akunona."

Mawu okha pafoni ndi amene ankachepa. Ankati ndi chimfine, tsiku lina ankati netiweki, tsiku lina ankati ali pamaliro ndiimbenso mawa. Ndinamutumizira diresi yabuluu kudzera kwa anthu onyamula katundu, n'kumupempha kuti ajambulitse ataivala. Anati akuisungira tsiku lodzandichingamira. Ndinakhulupirira zonse. Ndi mkazi amene sanandinamizepo ngakhale mtengo wa tomato.

Tsiku lina mu Meyi mvula ya kumeneko inagwa kuyambira m'mawa, ndipo a Pulofesa anandiitana kuti ndiwathandize kusuntha mabuku. Pakompyuta yawo panali chithunzi chakuda chodzaza ndi timadontho tachikasu, ndipo mozungulira munali timizere topindika ngati zikhadabo zowengedwa.

"Nyenyezi zimenezi?" ndinafunsa.

"Ayi. Kadontho kalikonse apa ndi mlalang'amba wathunthu, ngati mtambo woyera uja umauona kumwamba kwanu kukakhala kopanda mwezi. M'kadontho kamodzi muli nyenyezi zoti sungaziwerenge moyo wako wonse. Ndiye apa milalang'amba yambirimbiri yaunjikana malo amodzi, kutali koti kuwala kwake kunanyamuka kalekale, anthu asanakhaleko."

Kuyambira ndili mwana ndinaphunzitsidwa kuti Mlengi amadziwa nyenyezi iliyonse ndi dzina lake, koma sindinkadziwa kuti mayinawo ndi ochuluka chonchi.

A Pulofesa analoza timadontho tinayi tabuluu tozungulira mulu uja. "Iyi ndi milalang'amba ingati?"

"Inayi."

"Ndi umodzi."

Anandituma kukatenga tambula ya vinyo yokhala ndi mwendo. Ine tambula yotero ndinkangoigwira poitsuka. Analemba kadontho ndi cholembera papepala, n'kuika phazi la tambulayo pamwamba pake. Kadontho kaja kanatambasuka, kanapindika, kanagawika pawiri. Atasuntha pang'ono kanasanduka mphete.

"Waona? Kadontho n'kamodzi, koma pakati pa iko ndi diso lako pali chinthu chokhotetsa kuwala. Kumwambaku kulibe tambula. Chimene chilipo ndi kulemera. Mulu wa milalang'ambawu ndi wolemera kwambiri moti kuwala kochokera kuseri kwake sikungadutse mowongoka. Kumakhota, kwina kudzera uku, kwina uku, ndipo ife kuno timaona chinthu chimodzi kanayi. Chodabwitsa n'chakuti mbali yaikulu ya cholemeracho sichioneka n'komwe. Timangodziwa kuti chilipo poona mmene zithunzi zakhotera."

Ananenanso kuti njira zimenezo sizifanana kutalika. Kuwala kodzera njira yaitali kumafika mochedwa, nthawi zina ndi zaka. Nyenyezi ikhoza kuphulika n'kutha, anthu n'kuiona ikutha, kenaka patapita nthawi n'kuionanso ikuwala pambali, chifukwa kuwala kwina kunali kudakali panjira.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti zinayizi ndi chimodzi?"

"Umayang'ana chizindikiro. Taona kachipsera kofiira aka. Kali apa, kali apanso, ndi apa. Zinthu zinayi zosiyana sizingakhale ndi chipsera chimodzi pamalo amodzi."

Nthawi ya chakudya cha masana ndinakakhala m'kashedi kosungiramo makasu, mvula ikugunda malata. Ndinatulutsa foni kuti ndione nkhope ya mkazi wanga monga ndinkachitira tsiku lililonse. Sindinkafufuza kanthu. Koma diso linali litaphunzitsidwa kumene, ndipo linagwera pa chala chachikulu cha dzanja lake lamanzere. Chinali chomangidwa kansanza koyera. Pa chithunzi cha Seputembala kansanza kanalipo. Pa cha Khirisimasi kanalipo. Pa cha dengu, pa cha yunifolomu, kansanza komweko, mfundo yomweyo.

Ndinakulitsa chithunzi cha Khirisimasi ndi zala. Pakona, pamwamba pa phewa lake, panalowa nthambi ya mtengo wa mango umene ndinadzala ndekha chaka chimene Tamanda anabadwa. Nthambiyo inali ndi maluwa. Aliyense wobadwira kwathu amadziwa kuti mango amachita maluwa nthawi ya mphepo, cha mu Ogasiti. Pa Khirisimasi ana amakhala akudya akupsa, ntchentche zili ng'waa pansi pa mtengo. Pa chithunzi cha Pasaka, pamene udzu umayenera kukhala wofika m'chiuno, pabwalo panali fumbi lokhalokha.

Zithunzi zinayi, tsiku limodzi. Ndipo pakati pa ine ndi mkazi wanga panali chinthu cholemera chimene sindinkachiona.

Ndinadikira mpaka ana ataweruka, n'kuimba foni ya amayi oyang'anira atsikana kusukulu ya Tamanda. Atamuitana, ndinati:

"Tamanda, mango kwathuko masiku ano akumachita maluwa kangati pachaka?"

Ndinamva kupuma kwa mwana amene wanyamula katundu wa akulu kwa miyezi yambiri.

"Ababa, amayi anati ndikanena sadzandikhululukira."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Koma ababa, bwerani."

Inali khansa ya khomo la chiberekero. Anaipeza itafalikira kale.

A Pulofesa atamva, anakhala pansi. Kenaka anati akanadziwa sakanandionetsa chithunzi chija. Ndinawauza kuti iwo sakhulupirira, koma tsiku limenelo anatumidwa ndi Mulungu. Sanatsutse. Anandigulira tikiti, n'kundisindikizira chithunzi cha milalang'amba chija papepala. Pachipata cha dziko anandidindira chidindo choti ndisabwererenso kwa zaka zingapo. Sindinachiyang'ane kawiri. Ulendo wonse ndinali ndi pemphero limodzi lokha, lalifupi ngati la mwana: Ambuye, ndikamupeze, ndikamuone ndi maso.

Basi inalowera ku Dedza. Titawoloka Diamphwe ndinauza kondakitala kuti anditsitse pa Nathenje, chifukwa mlongo wanga Nabanda amagulitsa mbatata pamsewu pomwepo. Atandiona ndikutsika ndi chikwama, anagwira pakamwa.

"Achimwene! Mwabwera osanena?"

"Inunso munkadziwa?"

Anayang'ana mbatata zake. "Tonse."

"Ndi abusa omwe?"

"Abusa ananena kuti si bwino kukubisirani. Koma mlamu anawauza kuti akakuuzani, asadzayerekeze kulalikira pamaliro pake. Mukumudziwa mkazi wanu."

Anandipezera njinga yamoto yodutsa msewu wafumbi wopita ku Mitundu. Panjira ndinali wokwiya ndi aliyense: mlongo wanga, abusa, amayi a chigwirizano, ngakhale mwana wanga. Anthu opemphera, anthu a Mgonero, mudzi wonse kugwirizana kunamiza munthu mmodzi! Ndinakonza mawu ambiri oti ndikanene.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Malata amene ndinagula anali kung'anima. Pansi pa mtengo wa mango panali mphasa, ndipo pamphasapo panakhala gogo wina wowonda, atafunda bulangete, duku litatsikira m'maso. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa azakhali a mkazi wanga amene wabwera kudzadwazika. Ndinatula chikwama, ndinanjuta mwaulemu, ndinaomba m'manja.

"Muli bwanji, agogo? Eni nyumba ali m'katimu?"

Gogo uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati:

"Limbani."

Kwathu mkazi satchula mwamuna wake dzina. Nachisale anasiya kunditchula dzina tili pachibwenzi. M'Malemba muli mayi wina amene anaima m'munda akulankhula ndi Ambuye wake osamuzindikira, mpaka atamutchula dzina. Nkhani imeneyo ndinaiphunzitsapo ana a Sande sukulu kangapo, ndipo ndinkadabwa kuti munthu angalephere bwanji kuzindikira amene amamukonda. Tsiku limenelo ndinasiya kudabwa.

Mawu onse amene ndinakonza aja anathawa. Ndinagwa pamphasa ndi kuika mutu pamiyendo pake, miyendo yotsala mafupa, ndipo ndinalira mokweza moti anansi anatuluka poganiza kuti zachitika.

"Mwanditcha agogo?" anatero akundisisita m'mutu. "Wakalamba ndinu. Ku Joniko maso anathera m'maluwa a azungu."

Madzulo ake, atamwa phala pang'ono, ndinamufunsa kuti anandinamiziranji.

"Sindinaname. Pazithunzipo si ine? Ndine ndemwe."

"Koma tsiku limodzi."

"Tsiku limodzi, inde. Tsiku lotsatira titabwerako kuchipatala. Adokotala anati thupi litsika msanga. Ndinati mwamuna wanga akamva abwera, akabwera sabwereranso, Tamanda atsikira pomwe ndinatsikira ine. Ndiye ndinaitana amayi anzanga, aliyense anabwera ndi chovala. Ndinkasinthira kuseri kwa nyumbaku, iwo akuseka, akuti lero tili ndi mkwatibwi. Amayi a Phiri anagwira nthambi ya mangoyi kuti isalowe, koma mkono unawatopa." Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. "Chala chija ndinadzicheka pokonza nkhwani m'mawa wake. Tamanda anati masulani kansanzako, ababa aona. Ine ndinati amuna sayang'ana zala."

Ndinamuonetsa pepala la a Pulofesa ndi kumufotokozera mmene ndinadziwira. Analiyang'ana mozondotsa, kenaka molunjika.

"Ndiye kuti Mulungu anachita kupinda kumwamba konseku kuti andiulule ine?"

"Zikuoneka choncho."

"Anandikonda ndithu," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera motsitsa mawu, "Ndinkapemphera kuti musadziwe. Koma ndinkapempheranso kuti mubwere. Sindinkadziwa kuti ayankha liti mwa awiriwo."

Ndinamudwazika ndekha masabata amene anatsalawo. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza, kumunyamula kupita naye padzuwa. Ankapepuka ngati mtolo wa mapesi. Diresi yabuluu ija inali m'sutikesi, isanavalidwepo. Tamanda atabwera anaipinda ndi singano mbali zonse, ndipo Nachisale anaivala Lamulungu limene abusa anabweretsa Mgonero kunyumba. Anatisiya mu Julaye, m'mawa, kunja kukuzizira, amayi anzake akuimba pakhonde. Titangomuika, mango anachita maluwa.

Sindinganene kuti ndamvetsa zonse. Pali masiku amene ndimafunsa Mulungu chifukwa chake anandipatsa masabata ochepa pamene akanandipatsa chaka. Pali masiku amene ndimawerenga Mawu ake koma osalowa. Chimene ndinaona n'chakuti zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndine ndanyamula mudzi ndi ndalama zanga, pamene mudzi unali utandinyamula ine. Amayi a chigwirizano ankagona naye mosinthana. Mlongo wanga ankatseka malonda n'kukwera njinga yamoto kudzachapa zofunda. Amuna a kumpingo anamulimira munda. Ndipo aliyense wa iwo ndikamuimbira foni ankameza misozi n'kunena kuti kuno kuli bwino, achimwene, limbikirani ntchito. Cholemera chimene chinkakhotetsa uthenga uliwonse wochokera kwathu sichinali matenda okha.

Sukulu yogonera ija sindinathe kuilipira. Tamanda akumalizira Fomu 4 pasukulu yoyendera pafupi ndi kwathu, ndipo ine ndabwerera kudimba. Ndikulima tomato ndi mbande za maluwa zogulitsa m'tauni. Si zimene amayi ake ankafuna kwenikweni, koma sanalekere panjira, ndipo sadzalekera ine ndili moyo.

Patapita mwezi chichitikire maliro, Tamanda anabwera kudimba atagwira foni.

"Ababa, zithunzi zija sizinathe. Amayi anajambulitsa zoti zifike mpaka ndidzalembe mayeso. Anandiuza chilichonse nthawi yake yotumizira. Ndikuonetseni zonse, kapena ndizifufute?"

Ndinatula ndowa pansi. Ndinakumbukira zimene a Pulofesa ananena, za kuwala kumene kumadzera njira yaitali.

"Usandionetse. Usafufutenso. Uzitumiza monga anakuuzira."

"Koma ababa, tikukhala nyumba imodzi."

"Uzitumiza basi."

Pa Khirisimasi yapitayi, tili pakhonde titabwerako kutchalitchi, foni inalira m'thumba mwanga. Tamanda anali pomwepo, akuyang'ana kumbali. Ndinatsegula. Nachisale, atavala chitenje chofiira cha amayi a Phiri, manja m'chiuno, akuseka wina amene sakuoneka pachithunzipo. Kansanza pachala. Maluwa a mango paphewa. Pamwamba pathu mango enieni anali atapsa, akugwa okha.

China chinabwera pa Pasaka. Chatsala chimodzi, cha tsiku limene Tamanda adzatuluke m'chipinda cha mayeso komaliza. Iye akuti pa chimenecho amayi ake anakweza manja onse awiri m'mwamba, ndipo pamenepo ndinamuletsa kuti asapitirize. Ndidzachiona chikadzafika. Chidakali panjira.